Masiku Atatu ku Berlin ndi Thumba Lopepuka: Ndikaone Chiyani, Ndisiye Chiyani?

"Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Dedza. Mwezi wa Novembala ndikupita ku Berlin, ku Germany, kukachita maphunziro a sabata imodzi. Maphunzirowo akutha Lachisanu koma ndege yobwerera ndi ya Lachiwiri, choncho Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba ndilibe chochita. Aka n'koyamba kutuluka mu Africa, Chijeremani sindidziwa ngakhale moni, ndipo ya m'thumba ndi yochepa. Anzanga akuti ndisabwere osakwera nsanja yaitali ija komanso osajambulitsa pa Checkpoint Charlie. Ena akuti Ajeremani ndi ouma mtima, bola kungokhala m'hotela. Kodi ndikaone chiyani, ndipo ndisamale ndi chiyani?"

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, ndipo za kubindikira m'hotelazo zisiyeni. Berlin ndi mzinda wachifundo kwa mlendo wa thumba lopepuka, chifukwa malo ake ofunika kwambiri ambiri salipiritsa ngakhale khobidi. Ndakhala ndikuperekeza alendo ochokera kumudzi mumzindawu kwa zaka zambiri, anamwino, aphunzitsi anzanu, a m'boma, ndipo sindinaonepo wobwerera osaona kanthu chifukwa cha ndalama. Chimene chimawathera ndi nthawi ndi miyendo. Mzindawu ndi wotambalala, muli anthu oposa 3.5 miliyoni, ndipo popeza khoma lolekanitsa chigawo cha kum'mawa (East Berlin) ndi cha kumadzulo (West Berlin) linaudula pakati kwa zaka 28, ulibe pakatikati pamodzi poti mungaime n'kuona zonse. Onjezanipo kuti mu Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Ndiye musayese kuona zonse. Sankhani zochepa, muziyende wapansi, ndipo muziyang'ana pansi kwambiri kuposa kumwamba, chifukwa mbiri ya Berlin yambiri ili m'misewu ndi m'miyala imene mukupondayo.

Chilankhulo chisakudetseni nkhawa. M'malo onse amene nditchule muli zolembedwa m'Chingerezi, makina ogulitsa matikiti ali ndi batani la Chingerezi, ndipo achinyamata ambiri amachilankhula. Za kuuma mtimazo zili chonchi: munthu wa ku Berlin safunsa za kunyumba asanakuyankheni. Mukamufunsa njira amakuuzani njira, basi, n'kumapita. Si chidani, ndi mmene analeredwera. Safunsa anadya phula, choncho funsani ndithu, koma funso lanu likhale lalifupi.

Tiyambe ndi chimene chimagwetsa alendo ambiri m'mavuto, chomwe ndi tikiti. Sitima za pansi pa nthaka zotchedwa U-Bahn, sitima za pamtunda za S-Bahn, mabasi ndi matramu, zonse zimayendera tikiti imodzi. Mzinda unagawidwa m'zigawo A, B ndi C, ndipo zonse zimene muone zili mu A ndi B. Gulani tikiti ya maola 24, yomwe imapitirira pang'ono mayuro 10, koma choyamba funsani amene akukonza maphunziro anu ngati sanakugulireni kale ya sabata yonse. Pa siteshoni palibe geti ngakhale mlonda, mumangolowa. Apa ndi pamene pali msampha. Tikiti yapepala iyenera kudindidwa musanakwere, m'kabokosi kofiira kapena kachikasu kamene kali pamalo odikirira sitima. Tikiti yosadinda amaiwerenga ngati mulibe. Oyendera matikiti amavala ngati wina aliyense, amadikira zitseko zitsekeke kenaka n'kutulutsa ziphaso zawo, ndipo chindapusa chake ndi mayuro 60. Zoti ndinu mlendo samva. Chinanso, m'mbali mwa msewu muli kanjira ka njinga, kawirikawiri kofiirira. Musaimemo poyang'ana foni, apanjinga a ku Berlin sachepetsa liwiro.

Pali chinthu chimodzi choti muchite lero lomwe muli ku Dedza. Pitani pa tsamba la pa intaneti la Bundestag, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, mukalembetse kuti mudzakwere pa denga lagalasi la nyumba ya Reichstag Loweruka m'mawa. N'zaulere, koma salowetsa munthu wosalembetsa, malo amatha msanga, ndipo pakhomo amafuna pasipoti yeniyeni. Nyumbayi inamalizidwa mu 1894, inapsa pa 27 Febuluwale 1933, ndipo Hitler anapezerapo mwayi pa moto umenewo kuthetsa ufulu wa anthu. Aphungu anabwereramo mu 1999 itakonzedwanso ndi katswiri wa mapulani a nyumba Norman Foster. Mumakwera njira yozungulira mkati mwa dengalo, kachipangizo ka m'khutu kakukufotokozerani nyumba iliyonse imene mukuiona kunja, ndipo mukasuzumira pansi mumaona chipinda chimene aphungu amakhala. Anachita dala kuti anthu wamba aziyenda pamwamba pa mitu ya aphungu awo. Mukatsika pamenepo mudzakhala mutaona mzinda kuchokera m'mwamba osalipira kanthu.

Kuchoka apo ndi mphindi zisanu kufika pa chipata cha Brandenburg, chimene chili pa ndalama zina zachitsulo za ku Germany. Chinamangidwa pakati pa 1788 ndi 1791. Akavalo anayi amene ali pamwambawo Napoleon anawatenga n'kupita nawo ku Paris mu 1806, ndipo anabwezedwa mu 1814. Nthawi ya khoma chipatachi chinali m'dera loletsedwa, a kum'mawa osachifika, a kumadzulo n'kumangochionera patali. Jambulitsani pamenepo, ndi chithunzi chimene anzanu adzachizindikire. Koma musanachoke zungulirani kumbuyo kwake muyang'ane mu tala. Mudzaona mizere iwiri ya timiyala yodutsa mumsewu. Ndi mmene khoma linkadutsa, ndipo mzerewu mudzakumana nawo m'malo ambiri mumzindamo.

Tsikirani kummwera pang'ono mudzafika pa malo okumbukira Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa ndi chipani cha Nazi. Anatsegulidwa mu 2005. Ndi zipilala za simenti 2,711, zopanda dzina ngakhale limodzi. M'mphepete n'zazifupi zofika m'mawondo, koma mukamalowa mkati nthaka imatsetsereka, zipilala zimakula mpaka kupitirira mamita anayi, phokoso la magalimoto limazilala, ndipo amene munali naye simumuonanso. Pansi pake pali zipinda zosungiramo makalata ndi mayina a mabanja, zaulere, koma Lolemba amatseka. Musakwere pa zipilalazo ngakhale muone ana ena akudumphapo. Ndipo poti tili pa nkhani imeneyi, ku Germany kukweza mkono mwa sawatcha ya chipani cha Nazi ndi mlandu wa kupolisi, ngakhale mwanthabwala pojambulitsa. Alendo anamangidwapo.

Tsopano ndikupititseni pamalo amene mabasi a alendo saima, koma kwa mphunzitsi wa mbiri wochokera ku Malawi ndi ofunika kuposa nsanja iliyonse. Kuseri kwa zipilalazo kuli msewu wa Wilhelmstraße. Pafupi ndi nyumba nambala 92 pali chikwangwani choimirira m'mbali mwa njira, choti munthu wothamangira basi sangachione. Pamenepo panali ofesi ya Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, yomwe nthawiyo inali nambala 77, ndipo ndi mmene munachitikira msonkhano uja wa ku Berlin wokhudza kugawana Africa umene mumauphunzitsa chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885. Mayiko 14 anakhala patebulo, kuphatikizapo America ndi ufumu wa Ottoman, popanda Mwafrika ndi mmodzi yemwe. Nyumbayo inaonongeka pa nkhondo yachiwiri n'kugwetsedwa, ndipo lero pali midadada ya nyumba zogona zimene boma la East Germany linamanga m'zaka za m'ma 1980. Anthu akuyanika zovala, ana akupita kusukulu.

Mukaima pamenepo mukumbukire zinthu ziwiri zokauza ana anu. Choyamba, pa msonkhanowo sanatenge lula n'kujambula malire onse a Africa monga ambiri amanenera. Anagwirizana malamulo a kalandidwe, makamaka loti dziko lofuna dera la m'gombe lidziwitse anzake ndi kuonetsa kuti likulamuliradi kumeneko, komanso za malonda opanda msonkho m'chigwa cha Congo. Malire enieni anabwera ndi mapangano a mayiko awiriawiri pambuyo pake. Chachiwiri, kwathu kunatchulidwa ndi dzina. M'ndime yoyamba yeniyeni ya chikalata chawo, mzere wa dera la malondalo ukukwera ndi Zambezi mpaka mailosi 5 kumtunda kwa pamene Shire amathira, kenaka n'kutsata mtunda wolekanitsa mitsinje yothira mu nyanja ya Nyassa ndi yothira mu Zambezi. Ndipo mumzinda womwewu, pa 1 Julayi 1890, Britain ndi Germany anasainirana pangano la Heligoland, limene linati malire a dera la Ajeremani atsate gombe la nyanja mpaka pamene Songwe amathira. Pangano limeneli ndi limene Malawi amagwiritsa mpaka lero pa mkangano wa nyanja ndi Tanzania. Nkhani imene timaimva pa wailesi inayambira m'maofesi a mumsewu umenewu.

Mukapitirira ndi Wilhelmstraße kummwera mufika pa Topography of Terror, pamene panali likulu la apolisi achinsinsi a Gestapo ndi gulu lankhanza la chipani cha Nazi la SS. N'paulere, amatsegula tsiku lililonse, ndipo pambali pake pali chigawo cha khoma chosapentedwa. Zithunzi zake n'zolemera mumtima, moti ngati zipilala zija zakukwanani, dutsani. Checkpoint Charlie, chipata chimene chinali chodutsira pakati pa kum'mawa ndi kumadzulo nthawi ya khoma, ili mphindi zochepa kuchokera apo, ndiye ioneni poti muli kale m'njira, koma ndikuuzeni mosabisa kuti mudzakhumudwa. Mbiri yake ndi yoona: apa ndi pamene akasinja a America ndi a Soviet Union anapenyetsetsana mu Okutobala 1961. Koma kanyumba ka alonda kamene kali pakati pa msewu n'kongoyerekeza, kenikeni kali ku Allied Museum ku Dahlem. Chozungulira ndi mashopu a zipewa za asilikali ndi malo odyera. Mphindi khumi zakwana. Timiyala topentedwa timene amagulitsa kuti ndi zidutswa za khoma musataye nato ndalama, palibe angakutsimikizireni kumene tinachokera.

Mdima ukayamba, lowani m'myuziyamu, koma imodzi yokha. Pa chilumba cha Museumsinsel, pakati pa mtsinje wa Spree, pali mamyuziyamu asanu, ndipo UNESCO inachiika pa mndandanda wake mu 1999. Yotchuka kwambiri, Pergamonmuseum, inatsekedwa mu Okutobala 2023 kuti ikonzedwe, ndiye musaiike pa pulani musanaone pa intaneti. Ine ndimatengera alendo ku Neues Museum kukaona mutu wosema wa mfumukazi Nefertiti ya ku Egypt. Unasemedwa zaka zoposa 3,300 zapitazo, utoto wake ukadali wowala, diso limodzi lilipo lina palibe. Ajeremani anaufukula ku Amarna mu 1912, ndipo Aigupto akhala akuufuna kwa zaka zambiri. M'chipinda chake saloleza kujambula. Ngati za Egypt sizikukokani, pitani ku Museum für Naturkunde mumsewu wa Invalidenstraße. Mukangolowa mudzapeza mafupa a dinosaur otalika mamita oposa 13 ataimikidwa mpaka kudenga. Anachokera kwa anansi athu, pa phiri la Tendaguru kummwera kwa Tanzania, kumene pakati pa 1909 ndi 1913 anthu akuda mazanamazana anakumba ndi kusenza mafupa olemera matani oposa 200 kupita nawo ku doko la Lindi. Amene anaonapo mafupa a dinosaur wathu Malawisaurus ku Karonga adzakhala ndi poyerekezera. Mamyuziyamu awiriwa amalipiritsa ndipo Lolemba satsegula.

Lamulungu mashopu onse amatseka, kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu monga Hauptbahnhof, choncho buledi ndi zipatso mugulire Loweruka. Ngati mumapemphera, ku Berliner Dom kumakhala mapemphero 10 koloko m'mawa. Masiku ena tchalitchi chimenechi chimalipiritsa alendo, koma wobwera kudzapemphera salipira, ndipo mudzamva limba la mapaipi oposa 7,000. Chinamalizidwa mu 1905 ndipo ndi cha Chipulotesitanti. Akatolika, tchalitchi chanu cha St. Hedwig chili chapafupi pa bwalo la Bebelplatz. Pabwalo pomwepo funani kagalasi kamene kali pansi pakati pa miyala. Mukasuzumira mudzaona mashelefu oyera opanda buku. Ndi pamene ophunzira otsatira Nazi anawotcha mabuku pafupifupi 20,000 pa 10 Meyi 1933.

Masana onse a Lamulungu apatseni Bernauer Straße. Mukanati muli ndi tsiku limodzi lokha, ndikanakutumizani kuno. Tsikirani pa siteshoni ya Nordbahnhof, yomwe nthawi ya khoma sitima za kumadzulo zinkangodutsa osaima, alonda a mfuti ataima mumdima. Anthu ambiri amaganiza kuti khoma la Berlin linali chipupa chimodzi. Kuno ndi kumene mudzamvetse kuti anali makoma awiri, pakati pake pali mchenga wosalazidwa kuti mapazi aoneke, waya, magetsi owala usiku wonse ndi nsanja ya alonda. Kwerani masitepe a nyumba ya zikalata imene ili tsidya lina la msewu, mudzaona chigawo chosungidwa chonse pansi panu monga chinalili. Khomali linazinga West Berlin mtunda wa makilomita 155, kuyambira pa 13 Ogasiti 1961 mpaka pa 9 Novembala 1989, ndipo anthu osachepera 140 anafera pamenepo.

Chimene chimapangitsa msewu umenewu kukhala wapadera n'chakuti malire anadutsa pa makomo a nyumba. Nyumbazo zinali kum'mawa, koma msewu wa pakhomo pake unali kumadzulo. Asilikali atakhoma zitseko, anthu anayamba kudumpha pa mawindo, ozimitsa moto a kumadzulo atatambasula nsalu pansi kuti awawakhe. Mayi Ida Siekmann anadumpha pa 22 Ogasiti 1961 nsalu isanatambasulidwe, ndipo anamwalira kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 59. Ndiwo oyamba kufa chifukwa cha khomali. Mu udzu mudzaona zitsulo zosonyeza mmene munadutsa ngalande zimene anthu anakumba pansi pa nthaka. Imodzi mwa izo inapulumutsa anthu 57 mu Okutobala 1964. Pali khoma lina lachitsulo la timawindo, lililonse lili ndi nkhope ya munthu amene anafa, ena mwa iwo ana aang'ono.

Pakati pa zonsezi pali kachalichi kozungulira kamene sindilola mlendo wanga kukadumpha. Pamalopo panali tchalitchi chachikulu chimene chinatsekeredwa pakati pa makoma awiri aja, akhristu ake osatha kuchifika, mpaka boma la kum'mawa linachiphulitsa mu 1985 kuti alonda aziona bwino. Khoma litagwa, mpingo unamanga kachalichi aka, kamene kanatsegulidwa mu 2000. Gwirani khoma lake lamkati ndi dzanja. Ndi dothi losindira, monga nyumba ya mdindo ya kwathu, ndipo m'dothimo anasakanizamo zidutswa za njerwa za tchalitchi chophulitsidwa chija, moti mumaziona zikusuzumira. Kunja kwake, mmene munali mchenga wa alonda, amadzalamo mbewu ya rye.

Kusanade, tsikani ndi Brunnenstraße, msewu umene umadutsana ndi Bernauer Straße, mpaka pa nyumba nambala 193 pafupi ndi Rosenthaler Platz. Yang'anani pansi pakhomo. Mudzaona kachitsulo ka mkuwa kokwana pachikhatho, kokhomeredwa pakati pa miyala. Tizitsulo totere tilipo masauzande ambiri mu Berlin, kalikonse pakhomo la nyumba yomaliza ya munthu amene anatengedwa ndi a Nazi. Aka n'ka Mahjub bin Adam Mohamed, wodziwikanso kuti Bayume Mohamed Husen, wobadwira ku Dar es Salaam mu 1904. Ali mwana analowa gulu la asilikali akuda a Ajeremani pa nkhondo yoyamba, gulu lomwe lija linaukira Karonga mu Seputembala 1914. Mu 1929 anafika ku Berlin kudzafunsa malipiro ake, anamukaniza, n'kukhazikika konko akugwira ntchito yoperekera zakudya ndi kuphunzitsa Chiswahili. Mu 1941 anamugwira pomunena kuti ali pa chibwenzi ndi mkazi wachizungu, ndipo anafera kundende ya Sachsenhausen pa 24 Novembala 1944. Ana a sukulu amaganiza kuti nkhani ya Hitler ndi ya azungu okhaokha. Chithunzi cha kachitsulo aka chidzakuthandizani m'kalasi.

Lolemba ndi tsiku lovuta chifukwa mamyuziyamu ambiri amapuma, koma Humboldt Forum, moyang'anana ndi Berliner Dom, imatsegula. Kunja ikuoneka ngati nyumba yachifumu yakale, koma ndi yomangidwanso posachedwa ndipo inayamba kulandira anthu mu 2021. M'mwamba mwake muli katundu wa ku Africa, Asia ndi zilumba za Pacific, wambiri wotengedwa nthawi ya atsamunda. Muli mpando wachifumu wa mikanda wa ku Bamum ku Cameroon, komanso zosula za ufumu wakale wa Benin zimene umwini wake unabwezedwa ku Nigeria mu 2022, zina n'kutsala mongobwereka. Alendo anga ena amatulukamo atakwiya, ena atagoma ndi luso la makolo. Ine ndimati lowani, muwerenge timapepala tofotokoza mmene chinthu chilichonse chinafikira kumeneko, muweruze nokha.

Mukatuluka, kwerani sitima ya U-Bahn ya U6 mpaka siteshoni ya Rehberge kapena Afrikanische Straße ku Wedding. Ndi dera wamba la anthu ogwira ntchito, lopanda chokongola, koma werengani mayina a misewu: Togostraße, Kameruner Straße, Sansibarstraße, Sambesistraße. Ambiri anaikidwa ponyadira maiko amene Germany inalanda kapena kulakalaka. Anthu akuda okhala mumzindawu analimbana kwa zaka zambiri kuti mayina a atsamunda achoke, ndipo mu 2024 msewu umene unkatchedwa ndi dzina la Carl Peters, munthu wodziwika ndi nkhanza ku East Africa, unasinthidwa. Chigawo chimodzi tsopano ndi Maji-Maji-Allee, pokumbukira nkhondo ya 1905 mpaka 1907 imene Angoni a ku Songea anamenya nawo, mafumu awo n'kupachikidwa mu 1906. Kwa munthu wa ku Dedza, amenewo si alendo. Ola limodzi likwana, ndipo m'dera lomwelo muli mashopu a anthu a ku Africa.

Zotsalazo ndi zamsangamsanga. East Side Gallery, pakati pa Ostbahnhof ndi mlatho wa Oberbaumbrücke, ndi chigawo cha khoma cha makilomita 1.3 chimene ojambula 118 ochokera m'maiko 21 anachipenta mu 1990. N'chaulere ndipo zithunzi zimatuluka bwino. Basi nambala 100, yochoka pa Alexanderplatz kukafika ku Zoologischer Garten, imadutsa malo ambiri otchuka pa tikiti yanu yomweyo, ndipo kumapeto kwake kuli Gedächtniskirche, tchalitchi chimene chinaphulitsidwa ndi mabomba mu 1943 n'kusiyidwa dala chogumuka. Nanga nsanja ija? Fernsehturm ndi yaitali mamita 368, inamalizidwa mu 1969, ndipo alendo amafika pa mamita 203. Tikiti yake imaposa mayuro 20, ndipo mu Novembala nthawi zambiri mutu wake umakhala m'nkhungu. Mukadzuka Lolemba kumwamba kuli mbee ndipo ndalama yatsala, kwerani. Apo ayi, ijambuleni muli pansi, imaoneka paliponse.

Kuzizira musakuderere, ngakhale ndinu a ku Dedza. Masana kumakhala madigiri osafika 10, usiku kumayandikira 0, ndipo kamphepo konyowa kamalowa mpaka m'mafupa. Pitani pa kaunjika musananyamuke mukapeze jekete lochindikala, chipewa, magolovesi ndi nsapato zotseka zoti muyende nazo tsiku lonse. Pa chakudya, döner, buledi wodzaza nyama ndi masamba, amakhutitsa ndipo safika mayuro 10. Currywurst ndi soseji yotchuka ya mumzindawu, koma kawirikawiri ndi ya nkhumba, ndiye ngati simudya funsani. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Mabotolo apulasitiki ndi zitini musataye, mukabweza m'makina a m'supamaketi amakubwezerani masenti 25 pa chimodzi. Muzikhala ndi ndalama zachitsulo m'thumba, chifukwa zimbudzi zambiri n'zolipira ndipo timashopu tina salandira khadi.

Za chitetezo, Berlin si mzinda woopsa, koma opisa m'matumba alipo, makamaka pa Alexanderplatz ndi m'sitima zodzaza. Wina akakuyandikirani ndi pepala kuti musaine zothandiza olumala, pitirirani, mnzake amakhala akuyang'ana chikwama chanu. A juga ya timabokosi titatu pa msewu ndi gulu limodzi ndi amene akuoneka ngati akupambanawo. Tsankho sindikunamizani kuti kulibe. Pakati pa mzinda pali anthu a mitundu yonse ndipo palibe adzakucheukireni, koma usiku pewani magulu a anthu oledzera, ndipo m'sitima khalani m'bogi loyandikana ndi woyendetsa. Wina akakuopsezani imbani 110, apolisi. Ngozi kapena matenda aakulu ndi 112. Mukadwala moti simungadikire koma si zoika moyo pachiswe, 116117 amakulozerani dokotala. Pepala la inshulansi imene munagula pofunsira viza liziyenda nanu. Pasipoti ikatayika, kanenezeni kupolisi akupatseni kalata, kenaka pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi, yomwe ili mu Berlin momwemo, ndipo dziwitsani okonza maphunziro anu nthawi yomweyo. Ijambuleni pasipotiyo ndi viza pa foni musananyamuke, kope lina musiye kunyumba.

Lachiwiri popita kokakwera ndege, kumbukirani kuti bwalo la ndege la BER lili m'chigawo C. Tikiti yanu ya A ndi B sifika kumeneko, ndipo oyendera matikiti amaidziwa bwino njira imeneyo. Gulani ya ABC, muidinde, ndipo munyamuke m'hotela kutatsala maola anayi kuti ndege inyamuke.